Tsiku Limene Tinabwerekera Amalume Nyumba

Amalume anga, alongo awo a mayi, ankakonda wailesi ya kunja ngakhale Chingelezi chawo chinali cha pasikelo ya tiyi basi: manambala, moni wa bwana, ndi mawu awiri atatu otukwanira. Loweruka masana ndikapita kukawaona, ankandilozera chitsa cha mtengo wa mapeyala pakhomo pawo n'kutsegula kawailesi kawo komanga ndi mphira. "Aphunzitsi, tatiuzani azungu akuti chiyani lero." Anayamba kunditchula choncho chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa Chingelezi pa sekondale ina yoyendera pafupi ndi Limbuli, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati unali ulemu kapena kundiseka.

Nkhani za mpira analibe nazo ntchito. Zawo zinali za atsogoleri a maiko akutali, aja amene amati minda, migodi ndi zipatala zikhale za anthu wamba. Ine ndikamamasulira, iwo ankatchera khutu ku mawu amene wailesi yaika patsogolo pa dzina la munthu. "Wamva? Uyu wagawira osauka minda, akuti ndi wankhanza. Uja wa sabata yatha anagulitsa madzi a mzinda wonse kwa kampani, ankati ndi wolimba mtima." Ine ndinkapsa mtima, chifukwa wailesi imeneyo ndi imene inandiphunzitsa kutchula mawu bwino, ndipo ndinkaikhulupirira kuposa mlaliki. Ndinkawauza kuti anthu a wailesiwo alibe chipani kuno, alibe m'bale kuno, ndiye anganamirenji.

"Alibe m'bale?" iwo ankatero. "Nanga tiyi wathuyu amamwa ndani?"

Mumtima ndinkangoti ndi nkhani za anthu okalamba amene sukulu sanapite nayo patali. Ndikulemba izi mosabisa, chifukwa kudziwa kwangako ndi kumene kunadzawagwetsa.

Kwathu nkhani ya malo ndi yowawa. Ukaima pamsewu n'kuyang'ana kuphiri, umangoona tiyi wobiriwira mpaka maso kutopa, ndipo alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule. Ukatembenuka ndiye umaona ife: nyumba zothithikana, ndi timinda toti ukaponya khasu limagwera kwa mnzako, chimanga, nandolo ndi chinangwa zonse zikulimbirana mzere umodzi. Kuseri kwa esiteti ina, imene sindiitchula dzina, kunali chigwa chachikulu chimene chinangokhala tchire kuyambira ndili mwana. Amalume atasiya kuthyola tiyi chifukwa cha msana, anasonkhanitsa anthu a m'midzi yozungulira n'kupanga komiti yopempha kuti chigwacho chiperekedwe kwa mabanja opanda minda. Sankauza anthu kuti akalowemo ndi zikwanje. Ankangoyenda pa njinga yawo yopanda mabuleki, mudzi ndi mudzi, kufotokoza, kukangana ndi oledzera, kudikira kuti maliro athe kenako n'kupempha mphindi ziwiri, mpaka anthu akutali ngati a ku Chonde anayamba kutumiza nthumwi. Patapita zaka, akuluakulu a ku Boma anavomera kudzamva pempholo pamsonkhano, ndipo bungwe lina la mpingo linalonjeza loya woti adzaime nawo.

Amalume analibe chipani, analibe galimoto, analibe malaya ogawa. Chuma chawo chinali chimodzi: anthu ankati munthuyu ndi mnzathu, nyengo ya njala amatafuna makaka ngati ife. Tsiku la msonkhano ankafunika kudzaza bwalo la ku Boma ndi anthu okhulupirira zimenezo, kuti akuluakulu aone kuti pempholo si la nkhalamba imodzi yosowa chochita.

Kutatsala milungu itatu, ndili pakati pokonza mayeso a ana, foni yanga inalira ndi nambala yachilendo. Anali mtolankhani wa nyuzipepala ina yaikulu ya kunja. Anati nambala yanga waitenga ku bungwe la mpingo lija, akulemba za mikangano ya malo m'chigawo chathu cha Afirika, ndipo akufuna kudzacheza ndi mtsogoleri wa anthu opanda minda, ine n'kukhala womasulira. Nditadula foni ndinavina ndekha muofesi. Ndinkaona kuti tsopano dziko lonse limva, ndipo amalume aona okha kuti anthu amenewa sanama.

Madzulo a tsiku lomwelo tinapita ndi mayi kukawauza. Tinawapeza akusoka thumba pakhonde. Mayi asanakhale pansi n'komwe anayamba kuyendetsa maso, ndipo ine ndinatsatira maso awowo ngati ndikuiona nyumbayo koyamba. Inali ya zidina, yofolera ndi udzu wakuda, ndipo khoma lakumbuyo linatsamira pa nsichi imene anaichirikiza nayo. Chimwalirire akazi awo panalibe amene ankazira pansi. Mpando unali umodzi, mwendo wake wachinayi uli njerwa. Chimbudzi chinali ndi chitseko cha thumba la feteleza, lalifupi moti wodutsa ankatha kukupatsa moni n'kukutchula dzina.

"Achimwene," mayi anatero, "mlendo wochokera kutsidya la nyanja adzakhale pachitsa?"

"Adzakhale. Chitsa sichiluma."

"Nanga akafuna kudzithandiza mudzamulozera thumba lija?"

"Chemwali, kwawo amapita kuti? Ine ndikuti abwere aone chimene ndikulirira."

Kwathu mlendo sitimuonetsa umphawi. Umabwereka mbale kwa aneba, nsalu yapatebulo kwa amayi a kutchalitchi, n'kupha nkhuku imene umaisungira Khirisimasi. Mlendo akapita mumabweza zonse n'kugona ndi phala, koma mutu uli m'mwamba. Sitimatcha bodza zimenezi, timati ulemu. Munthu wolandira mlendo m'nyumba yodontha pamene abale ake alipo amachititsa manyazi mtundu wonse, ndipo amene amanyozedwa kumjigo si iye, ndi akazi a pabanjapo.

Koma mayi akanakhala okha, mwina amalume akanapambana. Amene anamaliza nkhaniyo ndine, ndi Chichewa changa chosakaniza ndi Chingelezi. Ndinawauza kuti anthu akunja salemekeza munthu wa zigamba. Ndinati akakupezani chonchi adzalemba kuti wapeza wamisala wa m'mudzi. Ndinati bwana wa esiteti adzamulandira muofesi ya makapeti, ndiye inunso muoneke ngati munthu woti angakhale naye patebulo limodzi. Ndinalankhula ngati ndinakhalako kunjako, pamene malire a ku Muloza okha ndi amene ndinadutsapo, kukagula zitenje.

Amalume anapitiriza kusoka. Ndiye mayi anatulutsa chida chomaliza. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuti, "Chabwino. Dziko lonse lione kuti mlongo wanu ndilipo, koma mumakhala ngati mulibe abale."

Amalume anabaya singano pathumba. "Chitani zimene mwaganiza," anatero. "Ine ndi mbumba yanga sindilimbana nayo."

Nyumba inalipo kale m'mutu mwanga. Alamu anga, akulu awo a amuna anga, amagwira ntchito ku Joni, ndipo anamanga nyumba pafupi ndi msewu imene amagonamo milungu iwiri pachaka. Ili ndi mpanda wa njerwa, matailosi, siling'i, kanema wamkulu pakhoma, ndi masofa amene mapulasitiki ake anali asanachotsedwe. Makiyi amasunga ndife. Masiku awiri, mothandizidwa ndi amayi apafupi, tinakolopa, kuchotsa akangaude, kumatula mapulasitiki aja mosamala kuti tidzabwezeretse. Suti tinabwereka kwa ahedi a kusukulu kwathu. Jekete inakwana, thalauza tinapinda, koma nsapato zinali zazing'ono, ndipo phazi la munthu amene wayenda m'mizere ya tiyi moyo wake wonse silimvera nsapato. Ndinagwada ndekha n'kuwalowetsa ndi supuni.

Tsiku lobwera mlendo, amayi a m'komiti anabwera mamawa atavala zitenje zofanana, naphika mpunga ndi nkhuku. Tinasankhanso anthu asanu oti adzalankhule ndi mlendo za moyo wawo. Mmodzi anali mayi wamasiye amene ankalima m'mphepete mwa mtsinje chifukwa chosowa kwina, ndipo chaka ndi chaka madzi ankamukokolera chimanga. Iwowa tinawakhazika pabenchi m'khonde, kuti asalowetse matope pamatailosi a eni ake.

Tsikulo kunali chiperoni, kamvula kaja kosaleka kamene kamabisa phiri. Mtolankhani anafika mochedwa pa galimoto ya hayala yochokera ku Blantyre. Anali mzungu wamtali, wa zaka ngati zanga, wofatsa. Anapereka moni m'Chichewa chopindika, navula nsapato pakhomo asanauzidwe. Ndinamukonda, ndisaname. Atalowa anayang'ana siling'i, kanema, kabati ya magalasi yodzaza makapu, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti nyumbayi ndi yokongola.

Ndinati zikomo.

Mawuwo anatuluka okha, monga umayankhira munthu akayamikira diresi imene wabwereka paukwati. Amalume sindinawamasulire. Iye sanafunsenso, ndipo ine ndinasangalala kuti sanafunse.

Chakudya chisanabwere, amayi awiri analowa ndi beseni ndi jagi, nagwada kuti asambitse m'manja, poyamba mlendo, kenako amalume. Ndi mmene timachitira, ngakhale kwa mkamwini wopanda ntchito timagwada. Pamene ankasamba iye, kamera inali pambali. Pamene ankasamba amalume, ndinamva ikulira kangapo. Amalume anakhala pakati pa sofa, tayi itawakanyanga pakhosi, nkhope atakwinya chifukwa nsapato zinkawaluma. Ine ndinaimirira kumbuyo ndikumwetulira, ndikuti chithunzi chimenecho adzachiona ndi a ku Boma.

Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi chigwa. Funso lake loyamba linali lakuti, mwa atsogoleri onse a padziko, amalume amasirira uti. Amalume anatchula mmodzi wa kutsidya la nyanja, wa nkhani zathu za Loweruka zija. Atafunsidwa chifukwa, anati anamva kuti kumeneko wosauka amaonana ndi dokotala osagulitsa mbuzi. Mtolankhani anafunsa ngati akudziwa kuti mtsogoleri ameneyo amatsekera m'ndende omutsutsa. "Ngati amamanga anthu osalakwa ndiye akulakwa, ndipo aleke," amalume anatero. "Ine ndanena za dokotala." Ndinamasulira zonse. Dzina lija cholembera chinalemba, koma pa yankho lachiwirili ndinachiona chitaima.

Kenako anafunsa ngati anthu adzalanda malowo mokakamiza boma likakana. Amalume anati ayi, n'chifukwa chake tikupita ku Boma. Anafunsanso mwa njira ina, amalume anati ayi. Anafunsa kachitatu, akumwetulira, kuti nanga zaka zikapita popanda yankho. Amalume anali atatopa, thukuta likutsika m'kolala. "Ine ndidzawaletsa," anatero, "koma munthu wanjala sindingamulonjezere." Cholembera chinathamanga.

Za chigwa anafunsa pang'ono, maso ali pa wotchi. Nditamukumbutsa kuti tikufuna timuonetse minda ya anthu, ndi kuti pakhonde pali anthu asanu amene akumudikira, anapepesa kwambiri. Anati msewu waterera, komanso masana akuyembekezeka ku esiteti kuti akamve mbali inayo. Anagwira chanza anthu a pabenchi mmodzimmodzi, nalandira zinanazi zimene mayi wamasiye uja anamutengera, n'kukwera galimoto. Fumbi kunalibe, koma tinaimabe pageti mpaka galimoto itakhota.

Amalume anavula nsapato pomwepo. Zala zawo zinali zitatupa. Anapinda suti bwinobwino, navala malaya awo, n'kunyamuka wapansi m'kamvula kaja osadikira nkhuku yotsala. Ife tinadya tikuseka, tikuuzana kuti sitinachite manyazi.

Nkhani inatuluka patapita sabata. Ndinaiwerengera pafoni, muofesi ya aphunzitsi, nthawi yopuma. Pamwamba panali zithunzi ziwiri zoyandikana. Kumanzere amalume, m'suti, pasofa, kanema wamkulu kumbuyo, nkhope yokwinya, amayi awiri atagwada pamapazi awo. Kumanja bwana wa esiteti, atavala kabudula, majombo a matope ndi chipewa chofwifwa, ataima pamvula pakati pa othyola tiyi, dzanja lili pa dengu la mmodzi wa iwo. Bwana ameneyo ndimamudziwa. Nyumba yake ili ndi kapinga amene amathiriridwa m'chilimwe pamene ife tili pamzere kumjigo. Mtolankhani sanafike kunyumbako, kapena anafika koma kamera anaisiya m'galimoto.

Munkhanimo bwana anali munthu wovutika kuteteza ntchito za anthu osauka pa nthawi yovuta. Amalume anali wodzitcha mtsogoleri wa osauka, wokhala m'nyumba ya mpanda pamene omutsatira amamugwadira, wosirira olamulira ankhanza, amene anakana kulonjeza kuti sipadzakhala chipolowe. Zonena za bwana zinalembedwa ngati zoona zodziwika kale. Zonena za amalume chilichonse chinali ndi kamchira kakuti palibe umboni. Chilichonse chimene amalume ananena anakamufunsa bwana kuti ayankhepo, koma zimene bwana ananena palibe anabwera kudzatifunsa. Mayi wamasiye uja munalibe. Chigwa chinatchulidwa kamodzi, ngati nkhalango imene esiteti ikuisamalira. Kumapeto anakumbutsa owerenga za maiko ena kumene anthu a maganizo otere analanda minda n'kugwetsa chuma.

Belu linalira koma sindinapite m'kalasi. Ndinakhala pampando ndikufunafuna bodza limodzi loti ndiligwire. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mabodza enieni anali ochepa. Suti anavaladi, amayi anagwadadi, dzina lija analitchuladi. Bodza lalikulu munkhani yonseyo linali nyumba, ndipo limenelo ndinapereka ndine.

Loweruka ndinapita kwa amalume. Anali atamva kale kuti nkhani yatuluka. "Werengani zonse, aphunzitsi," anatero. "Musathire shuga." Ndinawerenga mzere ndi mzere. Sanandidule. Nditamaliza anapempha foni, naiika kutali ndi maso monga amachitira okalamba, n'kuyang'ana chithunzi cha bwana nthawi yaitali.

"Uyu ndiye wadziwa kuvala," anatero.

Ndinalira pamenepo, kulira konyansa kwa munthu wamkulu. Iwo anandibwezera foni n'kupita kukamasula mbuzi yawo imene inakola chingwe pachinangwa.

Anthu akwathu nyuzipepala ya kunja sawerenga, koma chithunzi sichifuna Chingelezi. Pasanathe masiku atatu chinali m'mafoni a anyamata a kabaza pa Limbuli. Wina anachisindikiza papepala n'kuchimata pashedi yoyezera tiyi. Wailesi ina ya konkuno inatenga nkhaniyo n'kuiwerenga m'Chichewa, ikuyamba ndi mawu akuti malinga ndi nyuzipepala yotchuka ya kunja, ngati kuti ikuwerenga buku lopatulika. Anthu akutali, amene amalume ankangowaona pamisonkhano, anati kani mkuluyu amatinamiza ndi njinga yakutha pamene ali ndi nyumba ya mpanda. Anthu apafupi, amene ankadziwa bwino kuti nyumbayo ndi ya alamu anga, ndinkaganiza kuti atiikira kumbuyo. Ena anatero. Koma ena anayamba kunong'ona kuti dzina la wa ku Joni ndi chophimba chabe, nyumbayo anamangiridwa ndi esiteti kuti nkhani ya chigwa izingozungulira osatha. Amayi amene anakolopa nafe matailosi aja anali m'gulu la onong'onawo, ndipo zimenezi sindinawakhululukire.

Ndinaganiza zokonza. Ndinajambula nyumba yeniyeni mbali zonse, nsichi, mpando, thumba la feteleza, zonse zimene ndinkabisa, n'kulembera mtolankhani kalata yaitali. Ndinavomera kuti wolakwa ndine, ndinafotokoza mwambo wathu wolandirira alendo, za suti yobwereka ndi nsapato zimene zinawatupitsa zala, ndinafotokoza kuti kugwada posambitsa m'manja si kulambira munthu. Ndinamupempha kuti abwerenso, kapena asindikize zithunzi zatsopanozi. Anayankha mwaulemu kwambiri. Anathokoza chifukwa cha kuona mtima kwanga, anati akuluakulu ake aunika, ndipo anafunsa ngati amalume zala zinapola. Patapita masiku awiri, pansi pa nkhani ija anawonjezera mzere umodzi wa zilembo zazing'ono, wakuti zadziwika kuti mtsogoleriyo analandirira mtolankhani m'nyumba imene si yake. Zithunzi zanga sanaike. Chithunzi cha sofa chinakhala pomwepo.

Motero amalume, amene poyamba anali wolemera wonamizira umphawi, tsopano anakhala wachinyengo wonamiza atolankhani. Bungwe la mpingo lija linaimba foni kunena kuti amene amawathandiza kunja awerenga nkhaniyo ndipo ali ndi mafunso, choncho loya ayambe wadikira kaye mpaka zinthu zitaoneka bwino. Munthu amene ankalankhula nane anali wachisoni zenizeni, koma loya sanabwere.

Tsiku la msonkhano tinakwera minibasi mamawa kupita ku Boma, ine, mayi ndi amalume, atavala malaya awo a masiku onse. Tinaima pabwalo kuyang'ana msewu. Minibasi iliyonse ikaima amalume ankatukula khosi, anthu n'kutsika kulowera kuchipatala kapena kumsika. Amene anabwera chifukwa cha ife akanakwana pa mabenchi awiri, ndipo mayi wamasiye uja anali mmodzi wa iwo. A esiteti anabwera ndi maloya awiri ndi chikwatu cha mapepala, pamwamba pake pali nkhani ija. Sanafunike n'kuitsegula komwe. Wapampando anasuzumira panja pawindo, nanena kuti popeza mbali inayi sinakonzeke, nkhaniyi idzamvedwa tsiku lina limene lidzalengezedwe. Mpaka lero silinalengezedwe.

Pobwerera, minibasi itadzaza ndi madengu a tomato, ndinawafunsa chimene chinkandidya. Ndinati tikanakusiyani pachitsa paja, kodi zikanatha chonchi? Anayang'ana tiyi amene ankadutsa pawindo. "Akanandipeza pachitsa akanalemba kuti ndine nkhalamba yansanje imene yalephera moyo," anatero. "Nkhani anabwera nayo m'chikwama, mwanangu. Kwa ife ankangofuna chithunzi." Sindidziwa ngati ankakhulupirira zimenezo kapena ankangondichotsa katundu pamutu. Ngati ankanena zoona ndiye kuti panalibe chimene tikanachita. Ngati ankandinyengerera ndiye kuti chigwa chinapita chifukwa cha ine. Ziwiri zonsezi ndimagona nazo, ndipo palibe chimene chimandipepukira.

Komiti sinathe ndi mkangano, inangouma. Msonkhano wotsatira kunabwera anthu ochepa, wina wotsatira kunagwa maliro, kenako palibe anaitananso. Mvula yotsatira isanagwe, mathirakitala analowa m'chigwa n'kugwetsa tchire lonse, ndipo esiteti inadzala mbande za bulugamu mizere yowongoka mpaka kumtsinje. Amalume sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Ndikanakonda akanandikalipira pamaso pa anthu, mwina ndikanapeza poyambira kupepesa. Mayi anasiya kupita kumjigo wa pafupi, amatunga wa kutali kumene sawadziwa bwino. Ine m'kalasi ndimaphunzitsabe ana kuwerenga nkhani za m'nyuzipepala n'kuyankha mafunso, ndipo akandifunsa ngati zolembedwazo ndi zoona ndimawauza kuti ayankhe zimene zili m'ndimemo, mayeso safunsa zina.

Chaka chatha chimanga cha amalume chinapsa ndi dzuwa, ndipo mbuzi ija anagulitsa. Tinkawatumizira ufa, koma ankabweza theka, akuti inunso muli ndi ana. Tsiku lina masana, ndikuweruka, ndinawapeza atakhala pakhonde panga, chipewa chili pabondo. Anali asanabwerepo kwanga popanda kuitanidwa. Atamwa madzi anati kapitawo wa ku esiteti anawatumizira uthenga. Mbande za m'chigwa zikuvutitsidwa: mbuzi zikudya, amayi akuthyola nthambi, ena akudzala mbatata mobisa pakati pa mizere. Akufuna mlonda wa masana, ntchito yosafuna msana. Bwana akuti alibe nawo chifukwa, zakale zinapita, chofunika ndi kalata yopempha ntchito basi, ya Chingelezi, yosainidwa ndi mwini wake.

"Amalume, kalata imeneyo adzaimata pashedi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye musapite. Bwerani muzikhala kuno."

"Kudya kwa mkamwini ndili ndi manja? Tengani pepala, aphunzitsi."

Ndinatenga pepala. Ananena okha zoti ndilembe, pang'onopang'ono, akudikira kuti cholembera chiwapeze. Anati ndilembe kuti anagwirapo ntchito pa esitetiyo zaka zambiri popanda mlandu, samwa mowa, ndipo amadzuka mamawa. Anati ndilembe kuti chigwacho amachidziwa njira zake zonse, ndi zolowera zobisika zomwe. Kenako anatembenuza chipewa chawo.

"Muwonjezere kuti anthu onse a m'midzi yozungulira ndimawadziwa nkhope ndi maina. Wothawa sangandisowe."

Ndinalemba, ndipo munalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Anasaina pansi, napinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Anayamba ntchito Lolemba lotsatira.